Kadontho pa Kagalasi: Nkhani ya Matenda a Chigodola

Lero ndifuna kukamba za kagalasi kaja kamene mlangizi wa ziweto amapakapo magazi ng'ombe yanu ikadwala. Ena a inu mumakana, mumati, "Kadontho kokha kangathandize chiyani?" Tamverani bwino.

Thupi la ng'ombe linamangidwa ndi tizidutswa tosaoneka ndi maso, dzina lake maselo. Maselowa amamvera uthenga monga momwe mudzi umvera mfumu. Akauzidwa kuti aswane, aswana. Akauzidwa kuti aleke, aleka. Tsono kachirombo ka chigodola, kamene kadza ndi nkhupakupa yokonda kuluma m'makutu, kamalowa m'maselo oyera, asilikali ake a thupi, nikawanamiza kuti aziswana kosalekeza. Ndicho chifukwa chake muona mwanabere atatupa kunsi kwa khutu, ng'ombe itatentha thupi ndi kuleka kudya.

Mlangizi akafika amalasa mwanabereyo ndi singano, natenga timadzi pang'ono, napaka pagalasi, naumitsa. Ku labotale amathirapo utoto wotchedwa Giemsa, umene unapangidwa ku Hamburg m'chaka cha 1904. Utotowo ukagwira, kachirombo kaoneka pa makina okuza tinthu ngati kampira kabuluu kokhala ndi timadontho tofiirira mkati mwa selo.

Koma kuona kokha sikukwanira, ayi. Amawerenganso: mwa maselo 100, ndi angati amene agwidwa? Akakhala owerengeka, nthenda yangoyamba. Akachuluka, yakula. Ng'ombe ikalandira mankhwala, kagalasi kachiwiri kasonyeza ngati chiwerengero chatsika. M'malabotale ena akuluakulu masiku ano amajambula maselowo, ndipo kompyuta iwerenga zikwi zambiri, niyesa ngakhale kuwala kwa utoto m'selo lililonse, kuti adziwe mphamvu ya uthenga wonama uja.

Nanga mbali yanu ndi iti? Chigodola chimatha kupha ng'ombe pa masabata atatu kapena anayi chilumire nkhupakupa, ndipo mankhwala ake agwira bwino nthenda isanakule. Chotero mukaona mwanabere, pitani kwa mlangizi tsiku lomwelo. Musadikire kuti ng'ombe iyambe kutsokomola ndi kutuluka thovu m'mphuno.

Inu mafumu, uzani anthu anu pabwalo kuti asamakane kagalasi, ndiponso kuti asamadumphitse tsiku losambitsa ng'ombe ku dibi.