Chitaganya Chikatha, Ochikonda Apite Kuti?

Okalamba a ku Chitedze, Namitete ndi Nsaru akali kukumbukira zaka za malimidwe, pamene mlimi ankalipitsidwa ngakhale kumangidwa chifukwa chosakonza migula monga boma linalamulira. Malo ofufuzirako zaulimi a Chitedze anatsegulidwa mu 1948, koma alimi ambiri ankaona mlangizi ngati mthenga wa Atsamunda. Mkwiyo umenewu unakumana ndi udani wa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinayamba mu 1953. Wakuda aliyense womuganizira kuti akuchikonda ankamutcha kapirikoni, dzina lochokera ku bungwe la Capricorn Africa Society, ndipo wopatsidwa dzinali ankasoŵa womupatsa moni.

Pa 3 March 1959 boma linalengeza za ngozi m'dziko, ndipo anthu pafupifupi 50 anaphedwa. Pachisankho cha 1961 Malawi Congress Party inapeza mipando 22, pamene United Federal Party, yomenyera Chitaganya, inapeza 5. Chitaganya chinatha pa 31 December 1963. Azungu a chipanicho, motsogozedwa ndi Michael Blackwood, anasintha dzina nakhala ndi mipando itatu mu 1964. Anzawo akuda sanapatsidwe kanthu, koma mantha ndi manyazi. Mu 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, ndipo chizoloŵezi chotcha wotsutsa kuti ndi woukira chinadzaluma ngakhale amene anamenyera ufulu.

Funso limene Malaŵi anayankha mothamanga likuvutitsa anthu a ku Northern Ireland lero. Kumeneko kuli a Unionist, ambiri mwa iwo Aprotestanti, ofuna kuti chigawocho chikhalebe pamodzi ndi Britain monga chakhalira chigaŵidwire chilumba cha Ireland mu 1921. Kulinso ena, ambiri Akatolika, ofuna Ireland mmodzi. Nkhondo ya pakati pawo inapha anthu oposa 3,500 isanathe ndi pangano la pa 10 April 1998.

Panganolo linanena kuti chigawocho chidzakhala ndi Britain malinga ngati anthu ambiri afuna tero, kuti munthu angathe kukhala Mbritishi, Muairishi kapena zonse ziŵiri, ndi kuti mbali ziŵirizo zizilamulira pamodzi. Koma chiŵerengero chasintha. Kalembera wa 2021 anapeza kuti obadwira m'Chikatolika aposa obadwira m'Chiprotestanti, ndipo mu 2024 Michelle O'Neill wa Sinn Féin anakhala Nduna Yoyamba, Emma Little-Pengelly wa DUP nakhala wachiŵiri wake wa mphamvu zofanana.

A Unionist sangadalirenso kuchuluka kwawo. Okonda Chitaganya kuno anadalira Roy Welensky ndi asilikali ake, osayesa kukopa mlimi wa ku Kabudula, ndipo pamene London inawatembenukira anatsala opanda poima. A Unionist akafuna tsogolo, ayenera kuonetsa mnansi wawo Wachikatolika phindu la mgwirizanowo m'zipatala, m'sukulu ndi pa ntchito.

Amene mphamvu zawo zikukula nawonso ali ndi ngongole. Akadzapambana, asadzamane mnzawo dzina lake, mbendera yake ndi mpando pabwalo. Mbiri ya Malaŵi yasonyeza kuti chikwapu chosemera wogonja sichichedwa kutembenukira mwini wake. Akuluakulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire, maŵa adzazima zako.