Matenda a shuga komanso ntchito ya mabakiteriya



Matenda a shuga amayamba kapamba akalephera kupanga insulini yokwanira, kapena thupi likasiya kuimvera. Zikatero shuga wochokera m'chakudya amangodzazana m'magazi. Wodwala amamva ludzu losatha, amadzuka kangapo usiku kukataya madzi, amawonda koma akudya bwinobwino, ndipo kachilonda ka kuphazi kamatha miyezi osapola. Kumudzi ena amayamba kukayika akaona nyerere zaunjikana pomwe anakodza.

Kale ankati awa ndi matenda a anthu olemera a m'tauni, koma kafukufuku watsutsa zimenezo. Wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 6 mwa 100 alionse m'Malawi muno anali ndi shuga, ndipo mmodzi mwa atatu anali ndi BP. Bungwe la MEIRU litayeza anthu pafupifupi 29,000 ku Karonga ndi ku Lilongwe, linapeza ambiri akudwala osadziwa n'komwe. Mu 2025 bungwe la International Diabetes Federation linavomereza mtundu wina wa shuga, Type 5, wogwira achinyamata owonda amene anakula mosowa chakudya chokwanira. M'dziko limene mwana mmodzi mwa atatu ndi wopinimbira, nkhani imeneyi si yoti idikire ofufuza akunja.

Insulini anaitulukira Frederick Banting ndi Charles Best ku Toronto mu 1921, ndipo kwa zaka zambiri inkatengedwa m'kapamba wa ng'ombe ndi nkhumba. Kuyambira mu 1982 odwala akhala akubaya insulini yopangidwa ndi mabakiteriya a E. coli amene anaikidwa jini ya munthu. Ambiri akamva za mabakiteriya amangoganiza za kolera, chonsecho jakisoni amene akusunga moyo wa mwana wa shuga amachokera kwa tizilombo totere, kapena yisiti, towetedwa m'mathanki.

Tizilombo tina timasamalira chilengedwe. Ndowe ndi zinyalala za pamsika zikatsekeredwa m'thanki yosalowa mpweya, mabakiteriya amaziwoletsa n'kutulutsa gasi wophikira, zotsalira n'kukhala manyowa. Banja lophikira gasi ameneyu limapumira ku makala, mitengo nayo imapulumuka. Mu 2016 asayansi a ku Japan analengeza za bakiteriya wotchedwa Ideonella sakaiensis, amene amadya pulasitiki ya mabotolo a zakumwa, ngakhale kuti amadya pang'onopang'ono kwambiri. Aliyense amene anaimapo pamlatho wa Mudi ku Blantyre n'kuona mabotolo ndi majumbo atatseka madzi sangafunse phindu la kafukufuku wotere.

Ophunzira aluso oti angachite kafukufuku wotere alipo m'mayunivesite a KUHeS, LUANAR ndi MUST. Chimene amasowa kawirikawiri ndi zipangizo za m'labotale, magetsi odalirika ndi ndalama zomalizira ntchito imene ayamba. Boma ndi makampani aikepo ndalama, ndipo zimene ofufuza apeza zibwerere kwa anthu amene anapereka magazi awo kuti ayezedwe, m'chilankhulo chimene amamva.