MASIKU OTSIRIZA A ULENDO WA ERNESTO GUEVARA

Munthu ali yense amene anakhalapo kutali ndi kwao adziwa kuti ulendo subvuta ponyamuka ai, ubvuta pobwerera. Ponyamuka thumba liri ndi ndarama, nsapato ziri zolimba, ndipo abale aperekeza mlendo ndi cimwemwe. Koma pofika masiku otsiriza ndarama zatha, thupi lalema, ndipo mumtima mubuka funso lakuti: kodi kwathu ndikafika ndi ciani m'manja? Funso limeneli ndilo lasandutsa anthu ambiri kukhala machona. Nkhani ya lero ndi ya mnyamata wa ku Argentina, dzina lace Ernesto Guevara, amene pambuyo pace dziko lonse linamdziwa ndi dzina lakuti Che.

Mu January 1952 Guevara, ali ndi zaka 23, anasiya sukulu ya udokotala nanyamuka ndi bwenzi lace Alberto Granado kukaona maiko a ku South America. Anakwera njinga yamoto yakale ya mtundu wa Norton, ndipo iye analonjeza amai ace kuti adzabwera kudzatsiriza maphunziro. Njinga ija inafera ku Chile. Kuyambira pamenepo anayenda pansi, katundu ali kumsana, akumapempha malo pa malori ndi kugona pali ponse pamene dzuwa lawalowera. Anaona mgodi waukuru wa kopa wa Chuquicamata, umene masiku amenewo unali m'manja mwa kampani ya ku America. Pa njira ya kumeneko anagona m'cipululu pamodzi ndi munthu wina wofuna nchito ya m'migodi ndi mkazi wace, amene analibe ngakhale bulangeti limodzi, ndipo anyamatawo anawapatsa lao lina. Anthu a ku Nkana ndi ku Nchanga safuna wowafotokozera za moyo wotere.

Atakhala pakati pa odwala khate ku San Pablo m'dziko la Peru, anatsika mtsinje wa Amazon pa bwato la mitengo yomangamanga, napyola Colombia, nafika ku Caracas, mzinda waukuru wa Venezuela, mu July. Apa ndipo panayambira masiku otsiriza.

Coyamba cinali kulekana. Granado anapeza nchito pa cipatala ca akhate pafupi ndi mzindawo, natsimikiza zokhala. Guevara, amene cifuwa ca mphumu cinamsautsa kuyambira ubwana wace, cinamgwiranso kumeneko, ndipo mnzace amene anali kumsamala pa ulendo wonse tsopano anali kutsala. Nayenso akadatha kutsala, pakuti Venezuela linali dziko la mafuta, ndipo ndarama zinalipo. Koma lonjezo lija la kwa amai ace linali cikhalire, ndipo Granado mwini anamkakamiza kuti apite akatenge ciphaso cace ca udokotala, adzabwere pambuyo. Anatsazikana pa 26 July 1952, poganiza kuti adzaonana caka camawa. Anadzaonananso mu 1960, ku Cuba.

Caciwiri cinali ulendo weni weni wa kumudzi. Ndarama za tikiti panalibe. Mwa cithandizo ca acibale, Guevara anapeza malo m'ndege yonyamula akavalo a mpikisano. Ndegeyo inayenera kuyamba yapita ku Miami, m'dziko la United States, kukatula akavalo, ndi kutembenuka msanga kunka ku Argentina. Koma itatera ku Miami anapeza kuti injini yace yaonongeka. Kukonza kunatenga pafupi mwezi wathunthu, ndipo mnyamatayo anali ndi dola imodzi yokha m'thumba.

Mwezi umenewo ndiwo unali wowawa koposa. M'mapiri a ku Peru umphawi wace sunali wacilendo, popeza onse omzinga anali amphawi, ndipo amphawi agawana. Ku Miami anali wosauka pakati pa olemera, m'dziko la cinenero cimene sanali kucidziwa bwino. Anagona kwa mnyamata wina wa kwao amene anali kuphunzira kumeneko, nayenso wopanda ndarama. Usana anali kuyenda pansi mtunda wautali kunka ku nyumba yowerengeramo mabuku, kumene munthu akhoza kukhala tsiku lonse osalipira kanthu. Anali atatsiriza ulendo koma asanafike kwao, monga munthu amene watsitsidwa pa siteshoni ya pakati pa thengo, katundu ali pamutu, sitima yina yosaoneka.

Ndege itakonzedwa, anatera ku Buenos Aires pakutha pa August, patapita miyezi 8 cicokere. Anafika woonda, wopanda mphatso za m'masitolo. Cimene anabwera naco cinali mabuku ace a zolemba za tsiku ndi tsiku, m'mene munali migodi, akhate ndi njala ya anthu a m'maiko asanu.

Lonjezo analisunga. Anakhala pansi nalemba mayeso oposa 10 m'miyezi yowerengeka, napambana otsiriza mu April 1953. Koma kumudzi sikunamgwire. Pa 7 July caka comweco anakwera sitima ya pamtunda kunka ku Bolivia, akuti adzapitirira kwa Granado ku Venezuela. Njira inampatutsa, nafika ku Guatemala, ku Mexico, ndi ku nkhondo ya ku Cuba. Ku Argentina anapondako kamodzi kokha, maora owerengeka, mu August 1961. Pamene amai ace anamwalira mu May 1965, iye anali m'mapiri a ku Congo, patsidya pa nyanja ya Tanganyika, ndipo uthenga wa maliro unampeza komweko.