Wogula wakutali akufuna mtengo, muyezo ndi nambala yoyankha

Mawu omwe mneneri wa khonsolo ya Chitipa adalankhula kwa eni mabizinesi ang'onoang'ono pa boma

Ndilankhula m'Chichewa kuti timvane, poti boma lathu lili ndi zilankhulo zambiri. Pamene pavute, wina andithandize kumasulira m'Chilambya, m'Chindali kapena m'Chitumbuka.

Ndiyambe ndi zimene zidandichitikira ndekha. Mnzanga wa kusukulu, amene akugwira ntchito ku Lilongwe, adandipempha kuti ndimupezere uchi wa kuno, zigubu ziwiri za malita asanu. Ndidapeza tsamba la Facebook la gulu lina la alimi a njuchi. Chithunzi chinalipo, chokongola ndithu, koma mtengo panalibe, mudzi sunatchulidwe, ndipo uthenga womaliza udalembedwa zaka ziwiri zapitazo. Nambala yomwe inali pamenepo sinkapezeka. Sabata isanathe, mnzangayo adagula uchi wa kwina. Ndalama imene ikadalowa m'thumba la mlimi wa kuno idapita ku boma lina, pamene uchi wathu unali phee m'nyumba.

Kale tinkadandaula za msewu, ndipo dandaulo lathu linali lomveka. Lero msewu wochokera ku Karonga, wa makilomita pafupifupi 100, ndi wa phula, ndipo katundu akutuluka. Chotsala n'chakuti wogula adziwe zimene tili nazo. Mlimi amene amadziwa wogula mmodzi yekha, venda uja wobwera ndi sikelo yake nthawi yokolola, amagulitsa nyemba ndi mpendadzuwa pa mtengo umene vendayo wanena. Mlimi amene akudziwika kwa ogula atatu amatha kukana.

Ambiri mwakhala mukundifunsa ngati mukufunika webusayiti. Kwa ambiri a inu, yankho langa ndi lakuti osati lero. Yambani ndi zimene zili kale m'foni mwanu. Pulogalamu ya WhatsApp Business siigulidwa, imangofuna bandulo. Imakulolani kulemba dzina la bizinesi, malo amene muli ndi maola otsegulira, komanso kuika mndandanda wa katundu, chilichonse ndi chithunzi ndi mtengo wake. Tsamba la Facebook nalonso salipiritsa kutsegula. Eni malo ogona alendo, malo odyera ndi magalaja, lembetsani malo anu pa Google Maps, chifukwa mlendo wochokera ku Mzuzu amayang'ana pamenepo asanafunse munthu pamsewu.

Apa ndichedwepo pang'ono, pakuti ndi pamene ambiri timalakwitsa. Pamsika wogula amakuonani nkhope, amagwira nyemba ndi manja, amanunkhiza khofi. Wogula wa ku Blantyre alibe mwayi umenewo, ndipo tsamba lanu liyenera kumuuza zonse zimene maso ake akadaona. Lembani mtengo poyera. Chizolowezi cholemba kuti wofuna mtengo abwere kumbali chimathawitsa anthu, chifukwa wogula amaganiza kuti mtengo usintha malinga ndi mmene iye akuonekera. Lembani muyezo weniweni, kilogalamu kapena lita. Ndowa zimasiyana kukula, ndipo ndowa ya ku Kameme wa ku Limbe saidziwa. Nenani kuti katundu afika bwanji, pa basi iti, tsiku liti, ndipo alipire mayendedwe ndi ndani. Chithunzi chikhale cha katundu wanu weniweni, chojambulidwa panja masana, osati chotengedwa pa tsamba la wina. Zithunzi ziwiri zooneka bwino n'zokwanira. Kanema wautali amadya bandulo ya wogula, ndipo kumene netiweki ndi yofooka satseguka n'komwe.

Chomaliza pa zimenezi, chimenenso n'chovuta kuposa zonse, ndi kuyankha. Ndikudziwa kuti m'madera ena mumachita kukwera pachulu kuti uthenga ulowe. Ngati zili choncho, lembani pa tsamba lanu nthawi imene mumayankha, kaya ndi m'mawa ndi madzulo, ndipo muzisunga nthawiyo.

Tili m'malire a Tanzania ndi Zambia, ndipo ena mwa inu muli ndi makasitomala ku Nakonde ndi ku Tunduma. Alembereni m'chilankhulo chimene iwo amawerenga. Chiswahili chanu cha pamsika n'chokwanira kulemba mtengo wa thumba la chimanga. Koma intaneti siichotsa malamulo a m'malire kapena ziphaso zotulutsira mbewu kunja, ndiye funsani kaye ku maofesi oyenera.

Webusayiti ili ndi malo ake. Khofi wa ku Misuku amadziwika kwa ogula a kunja kudzera m'bungwe la Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, ndipo wogula wotereyu amafuna kuwerenga za alimi, za ziphaso ndi za kuchuluka kwa zokolola asanatumize ndalama. Kopaletivi imene yafika pamenepo ipange webusayiti. Ingodziwa kuti dzina la webusayiti, monga lija lothera ndi .mw, ndi malo oisungira zimalipiridwa mobwerezabwereza ngati lendi ya sitolo, ndipo mukasiya kulipira imazimiririka. Mnyamata amene akukupangirani alembetse zonse m'dzina la gulu, ndipo mawu achinsinsi olowera akhale ndi anthu awiri a m'komiti. Achinyamata athu amasamuka, ena mpaka ku Johannesburg, ndipo tsamba la gulu lisapite nawo. Ndiponso ngati mukuika uchi kapena mafuta ophikira m'mabotolo kuti alowe m'masitolo akuluakulu, chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards chidzafunidwa musanafunsidwe za webusayiti.

Za ndalama, akathyali ndi ambiri. Munthu akakuuzani kuti watumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa TNM Mpamba, musakhulupirire uthenga wokha. Yang'anani ndalama zimene zili mu akaunti yanu musanakweze katundu pa basi. Nambala yanu yachinsinsi musauze aliyense, ngakhale wonena kuti akuimba kuchokera ku kampani ya mafoni. Mauthenga amene mwagwirizana nawo mtengo musafufute, chifukwa lamulo la 2016 loona za malonda ndi chitetezo pa intaneti limawazindikira ngati umboni, ndipo apolisi adzawafuna mukakadandaula.

Tikatha kumwa tiyi, amene muli ndi mafoni a intaneti mutsalire m'chipinda chino kuti tilembe limodzi mndandanda woyamba wa katundu wanu. Amene mulibe, khalani pafupi ndi mnzanu wa m'gulu lanu. Tiyamba ndi a uchi.