Akazi ndi Masewero mu Mzinda wa London Kale

Lero tiyambe taika khasu pansi, ndikuuzeni za akazi a mu mzinda wa London ku England, ndi m'mene anapezera malo m'nyumba za masewero zaka zoposa 300 zapitazo.

Nyumba ya masewero ndiyo nyumba yaikuru kumene anthu amalipira pakhomo kuti akaone anzao akusewera nthano pa nsanja. Kale ku England akazi sanali kukwera pa nsanjapo. Pakafunika mkazi m'nthano, mnyamata ndiye anali kubvala zacikazi. M'caka ca 1642 Nyumba ya Malamulo inaletsa masewero, ndipo ciletsoco cinakhala zaka 18. Mfumu Charles II atabwerera ku ufumu mu 1660 nyumbazo zinatsegulidwanso, ndipo m'mwezi wa December caka comweco mkazi anaoneka pa nsanja m'sewero la Shakespeare, dzina lace Othello. Mu 1662 Mfumu inalemba m'kalata ya cilolezo kuti mbali za akazi zizicitidwa ndi akazi.

Mmodzi wa akazi oyamba kumveka anali Nell Gwyn, mwana wa m'banja losauka. Iyeyu anayamba ndi kugulitsa malalanje kwa oonerera m'nyumba ya masewero ya ku Drury Lane, lalanje limodzi sikisi. Pofika 1665 anali atakwera pa nsanja, ndipo anthu anamkonda cifukwa codziwa kuseketsa. Koma caka comweco mliri unagwa mu London, nyumba zamasewero zinatsekedwa koposa caka, osewera nakhala opanda popezera ndarama. Cuma cimene Nell anadzakhala naco pambuyo pace sicinacokere ku nsanja ai, koma kwa Mfumu Charles amene anamtenga kukhala bwenzi lace. Mkazi wina, Aphra Behn, anadya za colembera cace: sewero lace loyamba linaonetsedwa mu 1670, ndipo atamwalira mu 1689 anaikidwa ku Westminster Abbey.

Musaganize kuti moyo wa akaziwa unali wofewa. Amuna olemera anali kulowa m'zipinda zao zobvalira, ndipo anthu ambiri anali kuwayesa akazi oyendayenda. Mu December 1692 amuna awiri, Captain Richard Hill ndi Lord Mohun, anayesa kuba Anne Bracegirdle ndi kumponya m'ngolo ya akavalo. Analephera, koma usiku womwewo wosewera mnzace, William Mountfort, anabayidwa ndi lupanga, nafa. Malipiro naonso anali ocepa. Elizabeth Barry, amene anali kuliritsa anthu ndi luso lace, anali kulandira ngati theka la zimene Thomas Betterton, mwamuna wosewera naye, anali kulandira.

Zinthu zinasintha pamene Christopher Rich, woyendetsa kampani, anayamba kudula malipiro. Osewera akuru anagwirizana, nakadandaula kwa akuru a Boma, ndipo mu 1695 Mfumu William III inawalola kuyambitsa kampani yaoyao ku Lincoln's Inn Fields. M'kampani imeneyi Barry ndi Bracegirdle anakhala eni ace pamodzi ndi amuna, olandira gawo la phindu. Panapita zaka pafupi-fupi 35 kucokera tsiku limene mkazi anayamba kukwera pa nsanja kufikira tsiku limeneli.

Tsono inu mafumu ndi alimi, mfundo yace ndi iyi. Kumlola mkazi kugwira nchito ndi kumuombera m'manja n'cinthu cimodzi, koma kumpatsa gawo la zimene nchitoyo yabala n'cinthu cinanso. Akazi a ku London anaomberedwa m'manja kuyambira 1660, koma anayamba kukhala ndi mau pa ndarama atakhala ndi gawo. Mukakhala pa bwalo kapena pa mkeka ndi a kunyumba, kambiranani nkhaniyi.