Musamubisire Wodwala Khansa ya M'mapapo

Loweruka lachiwiri la Okutobala ndi tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira chisamaliro chochepetsa ululu.

Mawu anga apite kwa mabanja amene dokotala wangowauza kuti mayi, bambo kapena mlongo wawo ali ndi khansa ya m'mapapo, ndipo yafalikira kale. Uthengawu umakonda kufika mochedwa, chifukwa chifuwa chosatha, kuwonda ndi kutsokomola magazi zimafanana ndi TB, moti ena amamaliza miyezi 6 akumwa mankhwala a TB khansayo isanadziwike. Ukafika, abale amakakhala kuseri kwa nyumba n'kugwirizana kuti mwini matendayo asauzidwe. Ine ndikuti muuzeni, ndipo m'pititseni msanga kwa anthu odziwa kuchepetsa ululu.

Ndikudziwa chimene mungayankhe: akangomva, mtima usweka, atisiya msanga. Mantha amenewa amachokera m'chikondi, sindingawanyoze. Koma wodwala si mwana. Thupi ndi lake, akumva mpweya ukuchepa usiku, akuona alendo akunong'onezana pakhomo. Mukam'bisira, mumamusiya yekha ndi mantha ake, ndiponso mumam'landa nthawi yoti anene za munda, za sukulu ya ana, za m'bale amene anayambana naye. Kuuza sikutanthauza kum'khuthulira zonse tsiku limodzi. Yambani ndi kum'funsa zimene iye akuganiza za matendawo ndi zimene akufuna kudziwa, namwino ali pomwepo, ndipo akati lero basi, lekerani pomwepo.

Ena amati kupita kochepetsa ululu ndi kugonja, ngati kuti tayamba kukonza maliro munthu ali moyo. Umboni ukukana zimenezi. Mu 2010, madokotala a ku Massachusetts General Hospital ku Boston anafalitsa kafukufuku wa odwala 151 a khansa ya m'mapapo yofalikira. Amene anayamba chisamalirochi atangopezeka ndi matendawa, pamodzi ndi mankhwala a khansa, anavutika maganizo pang'ono poyerekeza ndi anzawo, ndipo theka la iwo linapitirira miyezi 11.6 lili moyo, pamene kwa enawo inali miyezi 8.9. Boston ndi kutali, zipatala zathu n'zosiyana ndi zawo, koma zimene anthuwo analandira, monga kuchepetsa ululu ndi kukambirana momasuka, zimapezeka kuno. Kuli Tiyanjane ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kuli Ndi Moyo ku Salima, ndipo kuyambira 2014 boma lili ndi ndondomeko ya chisamaliro chimenechi.

Morphine wamadzi nayenso musamuope. Akamaperekedwa pa mlingo umene dokotala walamula safulumizitsa imfa. Amathetsa ululu ndipo amathandiza pamene wodwala akubanika, vuto lalikulu la khansa imeneyi. Funsaninso mankhwala ofewetsa chimbudzi, chifukwa morphine amaumitsa m'mimba.

Pomaliza ndikupempha amuna a m'banja. Wodikirira wodwala nthawi zambiri amakhala mayi mmodzi, amene amagona pansi m'wodi milungu yambiri, kuchapa, kuphika phala, kunyamula, wopanda wom'landira. Gawanani masiku. A Gogo Chalo ndi abusa, mukapita kukazonda matenda, funsaninso kuti wodikirirayo anagona liti.