Za Mbewu ndi Kuthirira ku Makokola: Mawu Onenedwa pa Msonkhano wa Pachaka



Komiti yandipempha kuti ndinene mmene mbewu zinachitira m'minda ya kuno ku Makokola m'dzinja la 2023 kulowa 2024, ndiponso za ntchito yothirira imene ambiri a ife tiikapo mtima.

Chimanga chimene tinabzala ndi mvula yoyamba chinamera bwino, koma mu Januwale ndi Febuluwale 2024 kunachita ng'amba, ndipo pa dothi lathu lamchengali chinafota chisanamasule ngayaye. Chinangwa ndi mapira ndizo zinapirira. Mu Marichi, Pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Chodabwitsa n'chakuti m'miyezi yomweyo nyanja inali kukwera, kufikira inapitirira mamita 476 poyeza kuchokera pa nyanja yamchere, pakuti madzi ake ambiri achokera ku mvula ya kumpoto ndi ku mitsinje ya ku Tanzania monga Ruhuhu. Chotero mlimi yemweyo anataya munda wa kumtunda chifukwa cha dzuwa, nataya dimba la kugombe chifukwa cha madzi.

Akuluakulu athu sanadabwe nazo. Mu 1980 nyanjayi inakwera koposa apo, ndipo pakati pa 1915 ndi 1935 inaphwera mwakuti Shire analeka kutuluka m'menemo. Baraji ya ku Liwonde, yomangidwa mu 1965, ithandiza kusunga ndi kutsegulira madzi, koma siingathe kuilamula nyanja kotheratu.

Tsono ndipempha kuti tithirire motsata mayendedwe a nyanjayo. Chaka ndi chaka imadzala cha mu Epulo kapena Meyi, nkumabwerera pang'onopang'ono kufikira Disembala. Wobzala mu Meyi kapena Juni apeza chinyontho chimene madzi asiya, ndipo chimanga chake chikhwima kutentha kwa Okutobala kusanafike. Wochedwa athirira kawiri kuposa mnzake, namalumikiza mapaipi kuthamangira madzi amene alikumuthawa. Pampu, kaya yoponda kaya yoyendera dzuwa, tisaimangirire ndi simenti pagombe, ikhale yonyamulika. Mwera ukawomba, mafunde adzaza paipi ndi mchenga, choncho kukamwa kwake kukhale ndi sefa. Ndipo kuthira madzi pa mchenga wopanda manyowa ndi mapesi ophimbira n'kungotopetsa ana.

Anzathu a ku Bwanje, kufupi ndi Mtakataka, analandira sikimu ya mahekitala 800 ndi chithandizo cha dziko la Japan cha m'chaka cha 2000, koma mtsinje wa Namikokwe unali kuchepa m'chilimwe, kufikira anawamangira damu. Ife damu tili nalo kale pakhomo. Chotisowa ndi kukweza madziwo ndi kugawana mosakangana.

Mavuto atatu ndiwasiya m'manja mwa Komiti. Mbozi za ntchemberezandonda, zimene zinafika m'dziko muno cha mu 2016 ndi 2017, zikonda chimanga cha m'dimba popeza ndicho chokha chobiriwira m'chilimwe. Tiziyang'ana m'nsonga zake sabata iliyonse. Mvuu zifuna ulonda wa usiku wosinthana, ndipo Mafumu atithandize kukonza mndandanda wake. Lachitatu ndi likodzo: ana amene tiwatuma kukatunga madzi m'mabango tiziwapititsa kuchipatala akangoona magazi pokodza.